Osagula matikiti a shoo yomwe mukayimbe nokha

Achimwene, musapereke ndi tambala yomwe. Zimene mwalemba m'gulu muno, zoti promota (wokonza shoo) akufuna mugule kaye matikiti 20 ndi ndalama zanu kuti akuikeni pa positala ngati otsegulira shoo, ife tinauzidwa zomwezo, mawu ake omwewo, mpaka kaja koti "ndalama si nkhani, chachikulu mudziwike". Dzina la munthuyo sinditchula, ma adimini angandithamangitse muno, koma amene mumayenda m'mashoo a mu Lilongwe muno mukhoza kumulota.

Ine si woyimba, ndimangokonda nyimbo basi. Ntchito yanga ndi yosindikiza ku Old Town, makadi a ukwati, mapositala, zotero. Ndiye kwathu ku 25 kuli ana anayi, anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi, amayeserera kuseri kwa nyumba ya amayi ake a woyimba ng'oma. Nyimbo zawozawo, zopeka okha, manganje osakaniza ndi reggae, osati zongobwereza za anthu. Ndinkaima pampanda n'kumamvetsera mpaka anayamba kunditcha manejala, poti ndinali ndi foni yojambula bwino ndiponso mapositala ndinkawasindikizira ulere. Situdiyo ankalipira mosonkherana, kanyimbo kamodzi pakapita miyezi, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, pamene ngakhale nsambo za gitala zinasanduka katundu wa anthu opeza bwino.

Promotayo tinakumana naye pa Bwandilo. Mafoni awiri, makiyi a galimoto patebulo, pakamwa potsekemera. Akuti kukubwera woyimba wamkulu kuchokera ku Blantyre, inu mutsegulira, tengani matikiti awa mulipiriretu, mukagulitsa ndalamayo ndi yanu, za pageti nazo tidzakupatsaniko. Ndalama ndinakatenga ku banki mkhonde ya akazi anga. Nanga matikitiwo anagula ndani? Abale athu omwe. Akwaya, azakhali, mayi wina wogulitsa tomato pa Nsungwi amene amamukonda mtsikanayu. Otsala tinangogawa.

Linali Loweruka kumapeto kwa Novembala 2024, nthawi ija mafuta anasowa, magalimoto akugona pamizere. Minibasi zinali zochepa, kondakitala amangotchula mtengo umene wamubwerera m'mutu, ndipo ng'oma yaikulu anailipiritsa mpando wake. Kiyibodi tinabwereka kutchalitchi, abusa atanenetsa kuti pofika 6 koloko m'mawa ikhale itabwerera chifukwa kuli mapemphero oyamba. Ampu ya bezi inali ya mnyamata wathu woyimba beziyo, yakale ndithu, koma anaigula ndi ndalama za maganyu oumba zidina.

Anatiuza 2 koloko masana kuti tidzayese zokuzira mawu. Tikufika, akalipentala akukhomabe siteji. Positala ili pageti: dzina la gulu lathu pansi penipeni, tizilembo tating'ono, kalembedwe kolakwika, munsi mwa nambala ya munthu wootcha kanyenya. Ine wosindikizane zinandipweteka kawiri.

Cha m'ma 6 magetsi anazima. Jenereta ilipo, dizilo mulibe. Promota uja anabwera chothamanga, kundigwira paphewa, "bwana manejala tipulumutseni, ndikubwezerani tikangowerenga za pageti." Ndinakwera kabaza chigubu chili pamiyendo, kukasaka dizilo kwa anyamata ogulitsa mobisa kuseri kwa mashopu, mtengo wake osanena. Jenereta itangolira, akuti lowani muyimbe pompano. 7 koloko! Inu amene mumaidziwa Lilongwe, ndani amafika pa shoo 7 koloko? Anthu amayamba adya nsima kunyumba, aonera mpira, adutsa pomwera, pageti amaonekera cha m'ma 11. M'bwalomo munali ma bouncer, amayi okazinga tchipisi, ndi abale athu atandanda pamipando yakutsogolo ngati ali pachinkhoswe. Ana aja anayimba, ndipo anayimba bwino zedi, bezi imachita kumveka m'chifuwa. Nyimbo yachitatu ili pakati, MC anangozimitsa maiki a mtsikana uja, akuti DJ akufuna ayese mawaya ake. Mwana anatsala akutsegula pakamwa mawu osatuluka, wa ng'oma akumenyabe poti sanadziwe kuti zatha.

Koma zimenezo n'zochepa. Zida zathu zinali pasiteji zolumikizidwa ku mawaya a eniake, ndiye anati simungachotse shoo ili m'kati, dikirani. Tinadikira. Anthu anadzaza bwinobwino. Woyimba wamkulu uja anafika 1 koloko ya usiku koma m'galimoto sanatsike, akufuna ndalama zake zotsala. Ameneyo sindimuda, amawadziwa anthu akewa. Kuyamba kufunafuna promota. Iye palibe, chikwama cha pageti palibe, mafoni onse awiri ozima. Mlonda akuti watulukira kageti kakuseri kalekale. Mvula nayo n'kuyamba. Mabotolo kuyamba kuuluka, mipando kusweka, atsikana kukuwa, aliyense kuthamangira pageti limodzi lomwelo.

Mwini zokuzira mawu, naye sanalipidwe, anauza anyamata ake kuti chilichonse chili pasiteji chikwere lole. Chilichonse. Kiyibodi ya tchalitchi, ampu, mpaka zimbale za ng'oma. Ndinamutsatira kulole, ndinagwada m'matope, ine bambo wa ana, kumuuza kuti akulu, ifenso taberedwa, ngakhale dizilo amene amayendetsa zida zanuzi ndagula ndine. Iye osandiyang'ana n'komwe, akukulunga waya pamkono. "Dzina lanu lili pa positala, ndinu amodzi. Mukamupeza mnzanuyo mudzatenge katundu wanu." Dzina lomwe lija lolakwika lija! Amayi a mnyamata wa ng'oma, munthu wamkulu, anamasula chitenje chapamwamba, kuponda patayala la lole n'kufunditsa kiyibodi kuti isanyowe, akulira, akungobwereza kuti abusa ndikawauza chiyani, abusa ndikawauza chiyani. Mtsikana uja atakhala pakreti ya mowa, nsapato m'manja, madzi akuyenderera m'meshi amene anamangitsa dala chifukwa cha tsikuli. Wa bezi atakakamira chitseko cha lole mpaka anyamata aja anachita kumukanula zala. Pamapeto pake ndinasiya foni yanga chikole kuti atipatse kiyibodi ndi zimbale. Ampu anakaniratu.

Kandalama kotsala tinakwezera kabaza amayiwo ndi mtsikana, ndipo akabaza nthawi imeneyo mukudziwa mmene amatchulira. Ife amuna tinaliyatsa wapansi mu Kaunda Road, kudutsa pa sitediyamu, kudutsa 49, kiyibodi pamutu mosinthana, ng'oma pamsana. Tikamva njinga yamoto kumbuyo timapatukira mumdima, poti katundu ngati ameneyo usiku amaitana anthu. Kutchalitchi tinafika amayi osesa atayamba kale. Kiyibodi inalira, koma makiyi ena akumanja anafa, ndipo nkhani yake inakafika mpaka kwa akuluampingo.

Promota? Lolemba akuti ndili pamaliro ku Dedza. Sabata inayo akuti kubanki kwavuta. Kenako anangonditsekera nambala. Mu Januwale ndikumuona pa Facebook, suti yoyera, positala yatsopano, akuti akukweza luso la achinyamata. Ndipo anthu a m'gulu lino lomwe, inde inu, mukumuikira timitima n'kumamutcha bigi. Foni ndinachita kuombola ndi ndalama zina. Banki mkhonde ndinabweza ndi chiwongoladzanja, ndipo kunyumba mawu oti "shoo" sankatchulidwa mpaka chimanga chinacha. Ampu mpaka lero sinabwerere.

Mvetsani mmene geni yakeyi imayendera. Munthu ameneyu sagulitsa nyimbo kwa anthu, amagulitsa siteji kwa oyimba. Akapeza magulu asanu otsegulira, lililonse matikiti 20, ndiye kuti matikiti 100 agulidwa kale, malo walipira, mapositala wasindikiza, iye asanatulutse kanthu m'thumba mwake. Kasitomala wake ndinu. N'chifukwa chake amakuikani nthawi yoti kulibe anthu ndipo sizimukhudza, zake wadya kale. Za pageti zikabwera ndi phindu lokhalokha, zikavuta kageti kakuseri kalipo.

Ndipo kudziwika kumene amanenako, kudziwika kwa ndani? Onani a Madalitso Band. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni anayimba m'misewu ya Lilongwe yomweyi kwa zaka, kuyenda wapansi kuchokera ku Mtandire, babatoni (bezi ya nsambo imodzi) yopanga okha ndi gitala ya nsambo zinayi, anthu akuwaponyera timakobidi. Mu 2017 anakayimba ku chikondwerero cha nyimbo cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako Ulaya anayamba kumuyenda chaka ndi chaka. Ambiri a ife tinayamba kuwatenga ngati oyimba enieni titamva kuti azungu akuvina. Chimene chinawanyamula n'choti zimene amayimbazo kulibe kwina kumene ungazipeze, ndipo anthu anawamva ndi makutu awo pamsewu. Ku Dzaleka ku Dowa uko, chikondwerero cha Tumaini anachiyambitsa Menes la Plume mu 2014, kulowa n'kwaulere, ndipo oyimba ang'onoang'ono amakwera siteji pamaso pa chikhamu chenicheni, masana dzuwa likuswa mtengo. Chikondwerero china, Lake of Stars, chinayamba mu 2004. Kumeneko ndiye kumafika anthu amene akakumva amatha kukuitana kwina. Tsatani masamba awo, akalengeza kuti oyimba atumize nyimbo, tumizani.

Nyimbo zanu kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ofesi yawo ili konkuno ku Lilongwe. Ndi amene amatolera ndalama kumawayilesi ndi malo ena oseweretsa nyimbo, komanso chiyambire lamulo la 2016 pali ndalama ija imadulidwa pa zinthu zosungiramo nyimbo monga mafoni ndi mamemori kadi, imene imagawidwa kwa olembetsa. Osalembetsa sapeza kanthu ngakhale nyimbo yake ilire tauni yonse. Spotify inafika kuno mu 2021, ikani ndithu nyimbo kumeneko, koma tisanamizane, anthu a ku Kawale, Chinsapo ndi ku 36 nyimbo amaimva pa WhatsApp, kwa oberna pamsika, ndi mu minibasi. Dalaivala mmodzi wa Kanengo akaikonda nyimbo yanu, pa tsiku imamveka kwa anthu ambiri kuposa amene anali m'bwalo lija 7 koloko. Ana athu aja memori kadi anaipereka kwa madalaivala awiri a pa Nsungwi, lero ana asukulu akuimba kolasi yake.

Ngati munthu akukufunani pa shoo yake, iye ndiye apereke. Theka lilowe tsiku lisanafike, pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti uthenga utsale pafoni. Pakhale pepala, ngakhale la m'kope, lolembapo ndalama, nthawi yokwera siteji ndi mphindi zimene muyimbe, iye asayine. Akanena za kugawana za pageti, pageti pakhale munthu wanu, makamaka mzimayi wolimba mtima, azakhali enaake osanyengereka. Funsani mwini zokuzira mawu maso ndi maso ngati walipidwa. Mukatsika pasiteji tsikani ndi zida zanu nthawi yomweyo, olo anene chiyani. Zida za tchalitchi zisiyeni kutchalitchi. Ndipo wa kabaza kapena wa galimoto wodzakutengani mugwirizane naye dzuwa lisanalowe.

Komabe nanga nditani, ndinene zonse. Pa nyimbo ziwiri ndi theka zija panali mayi wina amene anabwera msanga kudzasiya makreti a zakumwa. Anaima n'kumvetsera, anatenga nambala ya mtsikana uja. Ali ndi kamalo kodyera cha ku Area 10, ndipo pano ana aja amayimba kumeneko Lamulungu masana, ndalama yochepa koma imabwera m'manja tsiku lomwelo, ndi mpunga wa nkhuku pamwamba. Ukwati wina anaupezanso komweko. Ndiye siteji musamaithawe. Lowani patsamba la woyimba wamkulu amene akumutchulayo muone ngati iye mwini walengeza kuti akubwera. Ngati walengeza, ndipo akulolani kukwera anthu atafika, cha m'ma 10 kapena 11, pitani mukayimbe, olo ulere. Olo matikitiwo, akatsitsa kufika pa 5 ndipo muli ndi anzanu oti agula ndithu, eee, ine sindingakuletseni, mukudziwa nokha thumba lanu. Koma 20 ayi, ndipo ndalama yake isakhale yobwereka kwa mayi a kunyumba.