Ana akula, stroller yapita: katundu tinyamula bwanji ku Disney?

Mayi wina wa ku Indiana wandilembera imelo, ndipo wandilola kuyankhira pano poti funso lake likukhudza makolo ambiri. Ndaidula pang'ono:

"Achemwali, mu Julayi muno tikupita ku Orlando, ine, bambo akunyumba ndi ana athu awiri, wa zaka 9 ndi wa zaka 6. Masiku ambiri tidzakhala ku Disney World, tsiku limodzi ku Universal. Ulendo wapitawo tinali ndi stroller (kangolo kokankhira mwana), ndiye madzi, zakudya, majuzi, zonse tinkangoponya pansi pake. Pano ana akula ndipo stroller tinapatsa anzathu. Nanga anzathu mumanyamula bwanji katundu yenseyu tsiku lonse? Ine msana ndi wovuta kale."

Zikomo mayi polemba. Pamene pagona nkhani ndi apa: katundu amene ankakhala pansi pa stroller uja musamusamutsire kumsana kwanu. Ambiri amalakwira pomwepo. Amagula chikwama chachikulu chakumsana, n'kulongedzamo zonse zija, n'kulowa pageti atasenza ngati akupita kuchigayo. Stroller inatizoloweza moipa. Poti ankalemedwa ndi mawilo, tinkaponyamo mabotolo anayi a madzi, zovala zosinthira za banja lonse, matawulo, maambulera, ndipo zambiri mwa izo zinkabwerera ku hotela osazikhudza n'komwe. Tsiku limodzi m'mapaki a zosangalatsa amenewa munthu amayenda makilomita oposa 10 osazindikira. Mu Julayi kutentha kwa ku Orlando kumafika madigiri 33, ndipo mpweya wake ndi wa chinyontho moti thukuta siliuma. Kilogalamu iliyonse yowonjezera mudzaimva pofika 2 koloko masana. Choncho musanaganize zogula chikwama, yambani mwachepetsa katunduyo.

Cholemera kwambiri ndi madzi. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye banja la anthu anayi likati linyamule madzi a tsiku lonse, wina msana uthyoka ndithu. Palibe chifukwa chochitira zimenezo. Ku Disney, pamalo pamene amagulitsa chakudya cha pakauntala mukhoza kupempha kapu ya madzi ozizira, amakupatsani ulere ngakhale musagule kanthu. Mipopi yomwerapo ndi yodzazira mabotolo iliponso. Aliyense akhale ndi botolo lake limodzi la theka la lita, likatha mwadzaza. Ndikuchenjezeni kuti madzi a m'mipopi ya ku Orlando ali ndi kafungo kawo kamene ana ena amakana. Akazizira kwambiri kafungoko kamachepa. Kuyambira 2019 salola kulowa ndi ayezi wongothira m'chikwama kapena m'kabokosi, koma botolo la madzi loumitsa mufiriji ku hotela limalowa bwinobwino, ndipo limaziziritsa zakudya zili pambali pake mpaka masana.

Mankhwala chimodzimodzi. Paki iliyonse mwa mapaki anayi a Disney World (Magic Kingdom, Epcot, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom) ili ndi chipinda cha First Aid chokhala ndi anamwino, ndipo pulasitala kapena mbulu wa mutu amapereka ulere. Inu nyamulani okhawo amene wina wa m'banja mwanu amadalira, monga a mphumu, ndi mapulasitala angapo a matuza a kuphazi, chifukwa tuza likatuluka muli pakati pa mzere simungayambe ulendo wokafuna anamwino.

Tsono kamba. Ife tinaleredwa kuti munthu sachoka pakhomo chimanjamanja, ndipo chakudya cha m'mapakimu n'chodula zedi, ndiye mtima wofuna kunyamula mpunga wa nkhuku m'makontena ndikuumvetsa. Disney imalola chakudya chochokera kunja, bola chisakhale m'mabotolo agalasi, chisafune kutenthetsa, ndiponso chisakhale cha fungo lamphamvu. Usipa wokazinga uja musiyeni ku Indiana. Ku Universal malamulo ndi okhwimirapo: amalola tizakudya totolatola ndi madzi osapitirira malita 2, koma chakudya chenicheni chamasana ayi. Ine maganizo anga ndi oti idyani mokhuta m'mawa ku hotela, nyamulani mtedza wokazinga, mabisiketi, maapozi ndi masangweji a masana (masangwejiwo masiku a ku Disney okha), ndipo chakudya chimodzi mugule mkatimo mutakhala pansi pamalo ozizira. Makontena olimba amadya malo ngakhale atatha, pamene timatumba ta Ziploc timangopindika. Za chokoleti ndi nthochi zakupsa iwalani, pofika masana zimakhala phala.

Mukachotsa zonsezi, chotsala chimakwana m'chikwama chimodzi chapakatikati, chonga cha mwana wa sukulu, cha zingwe ziwiri zokhuthala. Ndipo ndinene poyera: chikwama chimenechi ndi cha bambo. Ndimaona kawirikawiri m'malo ngati amenewa mayi atabereka chikwama, dzanja lina atagwira mwana, lina botolo, bambo akuyenda kutsogolo manja ali m'thumba, ati akutsogolera njira. Inu mwanena kale kuti msana ndi wovuta. Nkhani imeneyi muimalize muli kunyumba, isadzayambike pageti. Inuyo mangani kachikwama ka m'chiuno kokhala ndi foni, khadi la kubanki, chiphaso ndi mankhwala aja, basi.

Ana nawo anyamule zawo, koma apa pali msampha. Mwana amanyadira chikwama chake m'mawa, ikamakwana 11 koloko ayamba kuti "amayi tandigwirireni", ndiye mumapezeka muli ndi zikwama zitatu m'malo mwa chimodzi. N'chifukwa chake kwa wa zaka 6 ndimakonda kachikwama ka m'chiuno kapena kopachika pachifuwa, koti akakatopa nako kalowe m'chikwama cha bambo. Mwana wa msinkhu umenewo amalemera pafupifupi makilogalamu 20, ndipo ine sindingamusenzetse zoposa 2. Botolo lake la theka la lita, mtedza ndi poncho zakwana kale. Wa zaka 9 akhoza kubereka kachikwama kakang'ono kokhala ndi madzi ake, chipewa ndi kamba wa awiriwo. Zikwama za tizingwe topyapyala zokoka pakamwa zija zimaoneka zopepuka, koma mukaikamo botolo tizingweto timacheka mapewa.

Kukula kwa chikwama kuyenderenso zimene mukufuna kukwera, ndipo apa Disney ndi Universal n'zosiyana kwambiri. Pageti la Disney amalola chikwama chofika masentimita 61 mulitali, 38 mulifupi ndi 46 msinkhu, koma chofika pamenepo ndi sutikesi, musachiyerekeze. Zokwera zambiri za ku Disney amakulolani kulowa ndi chikwama, mumachiika pakati pa miyendo. Pa Space Mountain malowo ndi opanikiza moti chikwama chofufuma chimakuvutitsani. Pa Soarin' ku Epcot pali kathumba pansi pa mpando, pa Avatar Flight of Passage ku Animal Kingdom pali poikapo kumbuyo kwanu. Pa TRON Lightcycle / Run, imene inatsegulidwa ku Magic Kingdom mu 2023, chikwama chimatsala mu locker (kakabati kokhoma kosungiramo katundu) yaulere, ndipo wokwera ayenera kufika masentimita 122. Muyezeni wamng'onoyo musananyamuke kuti asakalirire pamzere.

Ku Universal ndiye nkhani ya ma locker ndi yaikulu. Pa Harry Potter and the Forbidden Journey, Escape from Gringotts, Revenge of the Mummy, Men in Black ndi pa njinga za Hagrid, chikwama chakumsana sichikwera nawo. Pa VelociCoaster ndi Incredible Hulk mumadutsa pamakina ounika zitsulo, kutanthauza kuti foni, makiyi, ngakhale ndalama zachitsulo zitsale. VelociCoaster imafuna masentimita 130, Hulk 137, choncho wamkuluyo mwina akwanira, wamng'onoyo ayi. Locker ya nthawi yokwerayo ndi yaulere koma ndi yaing'ono kwambiri, chikwama chodzaza sichilowa, ndipo yaikulu amalipiritsa. Tsiku la ku Universal chikwama cha bambo chikhale chofewa, chosadzaza, choti mukachipsinja chiphwatalale. Locker imatsegulidwa ndi tikiti yolowera, ndiye tikiti ya pepala imathandiza, poti foni mwaitsekera momwemo. Njira ina imene ikuyenererani inuyo ndi imene amaitcha Child Swap ku Universal, Rider Switch ku Disney: kholo limodzi limatsala ndi mwana wosakwana msinkhu, linalo likatsika mumasinthana osayambiranso mzere. Wotsalayo ndiye amagwira katundu.

Ena angakuuzeni kuti zotsala muzisiye m'galimoto, mukazifuna mukatenge. Ku Epcot, Hollywood Studios ndi Animal Kingdom zimatheka, ngakhale ndi kaulendo ndithu padzuwa limenelo. Ku Magic Kingdom musayese. Poimika magalimoto pali kutsidya kwa nyanja ya Seven Seas Lagoon, ndipo kuti mukafike muyenera kukwera monorail (sitima ya njanji imodzi) kapena boti, kenako kuyenda kapena kukwera tram. Kupita ndi kubwera ola latha. Ngati pali zoti mudzazifuna madzulo okha, monga zovala zosinthira, lipirani locker ya tsiku lonse imene ili pafupi ndi geti. Ndi ndalama, inde, koma ndi yochepa poyerekeza ndi msana wa munthu.

Chinthu chimodzi chokha ndingakuwonjezereni pa katundu wanu, nacho ndi chitenje. Sichilemera, chimapindika n'kukhala kanthu kakang'ono, ndipo chimagwira ntchito ya zinthu zinayi zimene anzathu amanyamula padera. Podikira perete kapena makombola a usiku mumakhala pansi nthawi yaitali, ndipo simenti ya ku Florida masana imawotcha, ndiye mwayala chitenje. Mukatuluka pa Kali River Rapids kapena Tiana's Bayou Adventure mutanyowa, mwapukutira ana. M'malo odyera ndi m'mabasi amaziziritsa mpweya mopitirira muyeso, mwana wonyowa ndi thukuta amayamba kunjenjemera, mwamufunditsa. Majuzi mu Julayi ndi katundu wachabe. Pamzere wopanda mthunzi mwaphimba nacho kumutu. Sankhani chopepuka chimene chachapidwa kambirimbiri, osati chatsopano cholimba chija.

Mvula idzagwa, musakayike. Kuyambira Juni mpaka Seputembala ku Orlando imakonda kubwera masana ndi ziphaliwali, imakhuthuka mwamphamvu kwa kanthawi n'kukata, ndipo zokwera za panja amayamba waziimitsa. Ambulera m'chikhamu cha anthu ndi yosautsa komanso yolemera. Gulani ma poncho apulasitiki opyapyala ku Walmart kapena Dollar Tree musanapite, chifukwa mkati mwa paki mtengo wake ndi wina. Aliyense asunge yake. Tengani jumbo imodzi yoikamo zonyowa, ndi masokosi ouma a ana, poti sokosi yonyowa ndiyo imabala matuza. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa dzolani m'mawa ku hotela, n'kunyamula kabotolo kakang'ono kobwerezera. Pali anzathu amene amati khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Limapsa, mudzaona mapewa ndi mphuno za ana zikusupuka patatha masiku awiri.

Foni idzagwira ntchito tsiku lonse, chifukwa app ya My Disney Experience ndiyo imaonetsa kutalika kwa mizere, mapu, kuitanitsa chakudya ndi Lightning Lane (mzere wachangu wolipira), ndipo imamwa batire koopsa. Power bank imodzi yaing'ono ndi chingwe chachifupi zikhale mu Ziploc, kuopa mvula ija.

Pali ntchito ina imene stroller inkagwira yomwe simunaitchule: inkasunga mwana pamalo amodzi. Tsopano wa zaka 6 akuyenda yekha, ndipo makombola akatha ku Magic Kingdom anthu zikwizikwi amatsikira mu Main Street, msewu wopita ku geti, nthawi imodzi. Mwana wamfupi m'chikhamu chotero amasowa m'kuphethira kwa diso. M'mawa uliwonse ajambuleni ana atavala kale, kuti mukafunsidwa kuti anavala chiyani musachite chibwibwi. Nambala yanu ya foni ilembeni pakapepala m'kachikwama kake kapena padzanja, ngakhale akuti amaidziwa pamtima, poti mwana akachita mantha amaiwala. Mukangolowa muonetseni wantchito wovala baji ya dzina pachifuwa, mumuuze kuti akakusowani aime pomwepo n'kuuza munthu wotero, asayambe kuthamangathamanga. Ku Disney ana osochera amawatengera ku Baby Care Center, malo osamalirira makanda, ndiye dziwiranitu pamene ili pamapu.

Komanso musadziumirize. Ngati pa tsiku lachitatu wamng'onoyo miyendo yakana, Disney imabwereketsa ma stroller pafupi ndi geti, ndipo palibe amene angakusekeni. Ku Epcot kuzungulira World Showcase kokha, chigawo choonetsa mayiko 11, ndi pafupifupi makilomita 2, malo ambiri opanda mthunzi. Kungoti stroller yobwereka imatsala mkati mwa paki, ndiye ulendo wa usiku wopita ku basi kapena ku boti mwana wogonayo ndi wa pamapewa pa bambo, ndipo chikwama, chimene nthawi imeneyo chimakhala chapepuka, chimapita kwa wa zaka 9.

Zogulagula musagule m'mawa. Mwana akaona chidole chachikulu kapena ndodo yotulutsa thovu ija 10 koloko, amalumbira kuti adzanyamula yekha, ndipo patangotha theka la ola chili m'manja mwanu, tsiku lonse muzilowa nacho pamzere uliwonse ndi kuchipanikiza mu locker. Jambulani chimene wakondacho, mumuuze kuti madzulo. Ku Magic Kingdom sitolo yaikulu ya Emporium ili mu Main Street pafupi ndi potulukira, ndipo zambiri zimene anaziona mkati zimapezeka momwemo. Kawirikawiri pofika nthawiyo amakhala atasintha maganizo kawiri, ndipo amasankha chimodzi m'malo mwa zitatu.