Kodi nsanja ya netiweki ndiyo ikudwalitsa mwana wanga?

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti chimangireni nsanja ya netiweki pafupi ndi nyumba yawo, mwana wawo akumadandaula mutu pafupipafupi, ndipo anzawo kuchigayo akuti ndi mphamvu yochokera pansanjapo. Akufunsa ngati ndi bwino asamuke.

Mayi, musasamuke. Koma mwanayo mupite naye kuchipatala mawa lomwe akamuyeze malungo. Kuno kuchigwa, mutu wa mwana tiyambe taukayikira malungo, dzuwa la mu Okutobala ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Nkhawa yanga ndi yoti maso akakhala pansanja, malungo amapeza mpata wokula.

Mafunde amene foni ndi nsanja zimatulutsa ndi a mtundu umodzi ndi a wailesi. Alibe mphamvu yoononga maselo ngati ya X-ray. Chimene angathe n'kutenthetsa thupi pang'ono kwambiri, ndipo kutentha kumene mumamva pakhutu mukayankhula nthawi yaitali kumachokera makamaka ku batire ndi foniyo.

Mantha a khansa ali ndi pochokera. Mu 2011 bungwe la IARC, nthambi yofufuza za khansa ya WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse), linaika mafundewa m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa. Ofufuza sanalekere pomwepo. Mu 2024 kunatuluka kafukufuku amene WHO inapempha, wounika mafukufuku 63, ndipo sanapeze kuti foni imayambitsa khansa ya muubongo, ngakhale kwa amene aigwiritsa ntchito zaka zoposa 10.

China chimene ambiri sadziwa: netiweki ikamavuta, foni imawonjezera mphamvu pofunafuna nsanja. Munthu amene wakwera pachulu ndi kamzere kamodzi, foni ili pakhutu, akulandira mafunde ambiri kuposa inu oyandikana ndi nsanja.

Anzanu akuchigayo sindikuwanyoza ayi. Chinthu chosaoneka, chobwera ndi alendo popanda kukufunsa, chimaopsa. Utsi wa nkhuni umene umatiliza misozi m'khitchini tsiku ndi tsiku sitiuopa chifukwa tinauzolowera, chonsecho ndi umene umadwalitsa ana chibayo. Makampani a foni akamamanga nsanja azikhala pansi ndi amfumu ndi anthu, n'kufotokoza m'Chichewa ndi m'Chisena.

Ngati mtima sukukhazikikabe, muziyankhula pa sipika kapena ndi mahedifoni, foni italikire kumutu. Zodandaula za nsanja mutha kukazitula ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi m'Malawi. Mwanayo azigona m'neti, azimwa madzi ambiri, ndipo akapezeka alibe malungo koma mutu osasiya, adokotala akamuonenso maso.