Avengers idzatola ndalama zambiri, koma Dune ndiye ili pabwino

Achimwene, mwafunsa kuti pakati pa Avengers: Doomsday ndi Dune: Part Three, omwe akonza kuti atuluke tsiku limodzi pa 18 Disembala 2026, ndi filimu iti idzachite bwino. Ngati mukunena ndalama za matikiti, apo palibe mkangano. Avengers idzatsogola, ndipo idzasiya inzakeyo kutali.

Taonani kumene aliyense akuchokera. Avengers: Endgame mu 2019 inatola pafupifupi madola 2.8 biliyoni, Avengers: Infinity War chaka cham'mbuyo mwake inadutsa 2 biliyoni. Dune yoyamba, ya 2021, inapeza cha m'ma 400 miliyoni, ngakhale tiikhululukire poti inali nthawi ya Covid ndipo ku America inatulukiranso tsiku lomwelo pa HBO Max, yoonera mafilimu pa intaneti. Yachiwiri mu 2024 inakwera kupitirira 700 miliyoni. Ngakhale yachitatuyi itakweranso chimodzimodzi, idzangofika pamene Avengers yofooka ingayambire.

Ena m'gulu muno akuti anthu anatopa nayo Marvel, kampani yopanga mafilimu a Avengers. Nzoona ndithu, The Marvels inagwa chagada ndi 200 miliyoni yokha, ndipo Thunderbolts, yomwe ambiri anaiyamikira, sinafike ndi 400 yomwe. Koma chimene anthu anatopa nacho ndi nkhope zachilendo, zoti uyambe waonera magawo angapo a pa Disney+ kuti udziwe kuti ameneyu ndani. Akangobweretsa akalekale, anthu amakhamukirako. No Way Home inasonkhanitsa a Spider-Man atatu n'kutola 1.9 biliyoni osaonetsedwa n'komwe ku China. Deadpool & Wolverine inangobweza Hugh Jackman ngati Wolverine, 1.3 biliyoni. Ndiye Doomsday yabweza Robert Downey Jr. yemwe anali Iron Man, ulendo uno ngati Doctor Doom, yabweza abale awiri a Russo omwe anatsogolera Endgame, kuphatikizapo madoda a X-Men, Patrick Stewart ndi Ian McKellen. Ndi nyambo yomweyomweyo, ndipo nsomba zake sizinasinthe.

Tsono apa ndi pamene ndikusiyana ndi okonda Marvel. Kutola zambiri sikutanthauza kuti wapindula. Eni nyumba zoonetsera mafilimu amatengako pafupifupi theka la ndalama za matikiti, kenako uchotse malipiro a chikhamu cha akatswiri onsewo ndi zotsatsa malonda. Komanso aliyense adzaiyerekeza ndi Endgame, yomwe ku China kokha inapeza kuposa 600 miliyoni, pamene masiku ano anthu kumeneko sakutengekanso ndi mafilimu oterewa ngati kale. Doomsday ikadzathera pa 1.2 biliyoni, mudzamva anthu akuti yalephera. Dune ikadzafika 800 miliyoni, ku Warner Bros, kampani yomwe ikuitulutsa, kudzakhala chisangalalo chokhachokha.

Nkhawa yanga pa Dune ndi nkhani yakeyo. Wotsogolera filimuyi Denis Villeneuve akuitenga m'buku la Frank Herbert la 1969, Dune Messiah, ndipo amene munaliwerenga mukudziwa kuti si la nkhondo ngati loyamba lija. Paul, mwini nkhani, wakhala kale mfumu, zotsala ndi ziwembu za kunyumba yachifumu ndi munthu wodzimvera chisoni pa zimene anayambitsa. Ine zoterezo ndimazikonda, koma si filimu yoti bambo atengere ana anayi pa Khrisimasi, ndipo mu Disembala ndalama zili m'matikiti a banja lonse ndi achinyamata obwerera kawiri katatu. Dune mphamvu yake ili kwa anthu olipira tikiti yodula ya IMAX, malo oonetsera a sikirini yaikulu kwambiri, ndipo malo oterowo ndi ochepa.

Musandiuze za Barbie ndi Oppenheimer, omwenso anatuluka tsiku limodzi. Aja anathandizana mu 2023 chifukwa oonera ake anali osiyana. Apa wokonda Dune ndi yemweyonso akufuna kuona Doom, ndipo thumba lake ndi limodzi.

Kulosera kwanga, kwa ine ndekha: Doomsday cha m'ma 1.5 biliyoni, Dune pakati pa 650 ndi 800 miliyoni. Ndipo musadabwe wina akasuntha tsiku lisanafike.