Kwa achemwali a ku Chikanda amene akufunsa ngati kukhala pansi ndi ulesi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwatseka benchi yanu ya kaunjika mumsika wa Zomba mutatha zaka zinayi mukulawira mbandakucha, tsopano mwezi wachiwiri uno muli pakhomo, thupi likukana, ndipo abale ayamba kunong'ona zoti mwalowa ulesi. Ayi ndithu, umenewo si ulesi. Mlesi sadandaula ngati mmene mwalemberamu.

Ine kwathu ndi ku Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Mu 1995 nyanja ija inaphwa, mabwato n'kukhala pamatope ong'aluka, ndipo akuluakulu ankatiuza kuti zinachitikaponso mu 1968. Ambiri tinkati basi, Chilwa yatha. Koma nsomba zinali zitathawira m'maiwe a mitsinje monga Likangala ndi Domasi, zili phee kudikira. Madzi atabwerera, matemba, makumba ndi milamba zinaswananso mpaka msika wa nsomba unadzuka. Ngakhale lero, dzinja likafika makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Asodzi amadandaula, n'zoona, pakuti m'thumba mumauma, koma amadziwa kuti nyanja yokokedwa chaka chonse imasiya kupatsa. Nanga munthu ndiye wachitsulo?

Agogo athu ankasiya munda kuti ugonere, n'kumautcha tsala. Masiku ano malo anachepa, tikulima pomwepomwepo chaka ndi chaka, n'chifukwa chake popanda feteleza sitikolola. Ndimaona ngati matupi athu tawazoloweza zomwezo.

Ineyo mayi anga atamwalira ndinabwerera kuntchito titangochoka kumanda, kuopa pakamwa pa anthu. Sipanathe miyezi itatu ndinagwa ndi BP, ndipo ndinagona nthawi yaitali kuposa imene ndikanapuma mwakufuna kwanga. Mpaka lero zimandiwawa.

Komabe sindikunamizani kuti kupuma n'kwaulere. Lendi sadikira, ufa umatha. Ndiye mpamba wotsalawo musaudye. Ngati muli m'banki mkhonde, usungeni kumeneko. Abale aja akhazikeni pansi, muwauze kuti mukupuma mpaka mwezi wakuti, chifukwa anthu amalankhula kwambiri akamaona ngati palibe malire. Ndipo kupuma si kugona pafoni mpaka usiku kumaonerera za anzanu pa Facebook. Gonani tulo tokwanira, idyani bwino, yendani m'mawa cha ku Mulunguzi kukadali kamphepo, muzicheza ndi anthu osakufunsani kuti "muyamba liti?"

Chimodzi chokha ndikupempheni. Mukaona kuti tulo sitikubwera, nsima sikukoma, misozi ikungotuluka yokha, kapena mukuganiza zodzipweteka, musadikire. Pitani kuchipatala mukafotokoze zonse, chifukwa matenda a nkhawa alipo ndipo amachizika. Mukafuna wokuperekezani, ndilembereni ku inbox, ndimakhala ku Matawale konkuno.