Funsani Tikuyankheni: Ufa Ukuchita Chuku, Ana Sakugona ku Dar es Salaam

FUNSO: Akonzi, ine ndi amuna anga tinachoka ku Dedza chaka chatha n'kusamukira ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, kumene bambo a kunyumbawa anapeza ntchito. Pobwera tinanyamula matumba awiri a ufa wa mgaiwa, nsinjiro ndi mfutso, koma pasanathe miyezi iwiri ufa unayamba kuumbana ndi kununkha, ndipo nsapato zimene tinasunga m'kabati zinamera nkhungu. Ana athu awiri atuluka totupa tofiira m'khosi ndi kumsana, moti usiku sagona. Madzi amavutavuta, choncho timasunga m'migolo kuseri kwa nyumba. Mwezi watha mwana wamkulu anatentha thupi kwambiri, koma atamuyeza magazi sanamupeze ndi malungo. Kodi tikulakwitsa pati? Ndine mayi wa ana awiri, Dar es Salaam.

YANKHO: Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Zambiri mwa zimene mwatchulazi gwero lake ndi chinyezi cha mumpweya. Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpweya wake umakhala wozizira ndi wouma kwa miyezi yambiri, pamene Dar es Salaam ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Indian Ocean, kumene kuyambira Disembala mpaka Malichi kutentha kumapitirira madigiri 30 masana ndipo usiku sikuzizira kwenikweni. Mvula nayo imagwa kawiri pachaka, yambiri kuyambira Malichi mpaka Meyi ndipo yocheperapo cha m'ma Okutobala mpaka Disembala. Nzeru zosungira zinthu zimene zinkakuthandizani ku Dedza n'zimene zikukuwonongerani katundu kumeneko.

Tiyambe ndi ufa. Ife Amalawi mtima umakhala m'malo tikaona kuti chakudya cha miyezi ingapo chili m'nyumba, koma kumalo a chinyezi ufa sufuna kusungidwa nthawi yaitali, makamaka mgaiwa, chifukwa umagayidwa ndi mtima wa chimanga womwe uli ndi mafuta, ndipo mafutawo ndi amene amayamba kuwawa. Muzigula ufa wokwanira sabata imodzi kapena ziwiri basi. M'magolosale ndi m'misika mukafunse dona ngati mukufuna mgaiwa, kapena sembe ngati mukufuna ufa wokonola. Muuthire m'chidebe chouma chotseka bwino, chimene chizikhala pathandala, osati pansi pa simenti kapena motsamira khoma. Nsinjiro muzisinja zochepa ndipo zotsala muziika m'firiji.

Ufa umene waumbana kale ndi kununkhawo mutaye, ndipo musaupereke ngakhale kwa nkhuku. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya chimene munachinyamula ulendo wonsewo n'kowawa, koma chuku cha chimanga ndi mtedza chimatha kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo satha mphamvu ngakhale nsima itapsa bwanji. M'chaka cha 2016 anthu anamwalira m'zigawo za Dodoma ndi Manyara, m'dziko lomwelo, atadya chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu. Kusefa kapena kuyanika ufawo padzuwa kumangochotsa fungo.

Mfutso simudzaufunanso kwenikweni, popeza masamba aawisi amapezeka chaka chonse: mchicha ndi bonongwe yemweyu, kisamvu ndi chigwada, ndipo dagaa wochokera ku Mwanza kapena ku Kigoma amalowa bwino m'malo mwa usipa. Anansi anu adzakuphunzitsani kutendera ndi mkaka wa kokonati, koma ndiwo zoterozo zimasasa msanga, choncho zisagone pamphika.

Za zovala n'zosavuta. Kabati italikirane pang'ono ndi khoma, zitseko zake zizitsegulidwa masana, nsapato zachikopa zikhale poyera podutsa mphepo, ndipo matilesi aziona dzuwa nthawi ndi nthawi. Zochapa muziyanika pachingwe, osati paudzu, kenako muzisita zonse, ndi zamkati zomwe, chifukwa pali ntchentche ina imene imaikira mazira pa nsalu zonyowa ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu.

Totupa ta anawo nthawi zambiri timadza thukuta likamatsekeredwa pakhungu. Ngati mukuwadzozabe mafuta olimba monga munkachitira m'nyengo yachisanu ku Dedza, lekani kaye. Muziwasambitsa madzi ozizirira asanagone, muziwaveka zovala zathonje zotakasuka, ndipo fani izizungulira kunja kwa neti. Totupato tikayamba kuchita mafinya, mupite nawo kuchipatala.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi migolo ija pamodzi ndi kudwala kwa mwana wamkulu. Amene anganene chimene anadwala ndi dokotala yekha, koma dziwani kuti ku Dar es Salaam kuli matenda ofalitsidwa ndi udzudzu otchedwa dengue, amene anabuka mwamphamvu m'chaka cha 2014 ndiponso cha 2019. Udzudzu wake, wotchedwa Aedes aegypti, ndi wakuda wa mizere yoyera m'miyendo, umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo dzuwa lisanalowe, ndipo umakonda kuswana m'madzi oyera odikha a pakhomo: m'migolo yosavundikira, m'matayala akale, m'timbale ta pansi pa maluwa ndi m'ngalande za padenga. Neti ya usiku musaisiye, chifukwa malungo nawo alipo, koma payokha siingateteze ana kwa udzudzu woluma dzuwa likuswa mtengo.

Mgolo uliwonse ukhale ndi chivundikiro chothina, ndipo kamodzi pa sabata muzikhuthula madziwo n'kukwecha m'kati mwake ndi burashi, chifukwa mazirawo amamatirira m'mbali pamwamba pa mlingo wa madzi ndipo amatha kukhala amoyo kwa miyezi ngakhale pauma. Mukaona tizilombo tikuvinavina m'madzi, dziwani kuti m'masiku ochepa tikhala udzudzu. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Ndi bwinonso kuika waya wa sefa m'mawindo, ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, kambiranani ndi eni ake.

Wina akadzatenthanso thupi, akayezedwe malungo tsiku lomwelo, ndipo akapanda kupezeka nawo mufunse za dengue, makamaka ngati akumva mutu kuseri kwa maso ndi kuphwanya m'mafupa. Podikira mumupatse paracetamol yekha ndi zakumwa zambiri, osati aspirin kapena ibuprofen, chifukwa mankhwala awiriwa amawonjezera ngozi yotaya magazi. Masiku ofunika kumuyang'anira kwambiri ndi amene thupi layamba kuzizira: akamamva m'mimba kupweteka koopsa, akamasanza mosalekeza, kapena akamatuluka magazi m'mphuno ndi m'nkhama, thamangirani naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku. Ngati wodwalayo ndi mwana wamkulu uja, mukafika muwauzenso madokotala za kudwala kwake kwa mwezi watha, popeza munthu akadwala dengue kachiwiri matendawo amatha kukula kuposa poyamba.