Si inu nokha achemwali, nanenso ndinanenapo za 2gether ndipo zinandionetsa zakuda

Mwalemba kuti mu 2gether, sewero la ku Thailand la chikondi cha anyamata awiri, Sarawat ndi Tine, wosewera Sarawat sasintha nkhope. Maso anu akuona bwino achemwali, musadzikayikire. Sarawat uja nkhope yake ndi imodzimodzi kuyambira gawo loyamba mpaka la 13. Akwiye, achite nsanje, amuuze Tine zakukhosi, nkhope ili pomwepo ngati chithunzi cha pa chiphaso. Koma poti mukuti mukufuna mukalembe zimenezi ku gulu lalikulu lija, imani kaye mumve, chifukwa nditangowerenga zomwe mwalembazi mtima wanga wayambiranso kuwawa.

Ine ndinalowa m'gulu lina la pa WhatsApp mu 2020, nthawi ya korona ija sukulu zitatsekedwa. 2gether inali ikutuluka kumene, kampani yake ya GMMTV ikuika pa YouTube gawo lililonse lodulidwa panayi, ife n'kumadikira bandulo ya usiku kuti tikopere. Tinali atsikana okhaokha pafupifupi, ambiri sitinkadziwana nkhope, koma tinkacheza ngati apachibale. Gawo lomaliza litatha ndi kuwombana m'manja kuja m'malo mopsompsonana tonse tinadandaula limodzi, admin yemwe. Ndiye ine ndinkaona ngati kumeneko munthu ukhoza kunena zomwe waona.

Chakumapeto kwa chaka kunatuluka I Told Sunset About You, ya kampani ya Nadao Bangkok, magawo 5 okha, yojambulidwa ku Phuket. Amene munaonera mukudziwa. Billkin, wosewera Teh, akamalira mphuno imachita kufiira, mawu n'kumakanirira pakhosi, suganizanso kuti pali kamera. Pali malo aja Oh-aew, mnyamata wokonda Teh, wavala bra yofiira, waima pagalasi akudziyang'ana, palibe liwu ndi limodzi lomwe, koma PP Krit, wosewera Oh-aew, amakuuza zonse ndi mapewa ndi milomo yonjenjemera, kuti mwanayu akudzifunsa ngati Teh akanamukonda poyera akanakhala mtsikana. Ine ndinatha usiku osagona. M'mawa mwake ndinaika m'gulu muja chithunzi cha Teh ndi Oh-aew akupsompsonana pansi pa madzi, n'kulemba kuti awa ndiye achita sewero, chikondi chikuoneka, osati zija za Bright, wosewera Sarawat, zongodalira nkhope yokongola. Ndinawonjezanso kuti Win, wosewera Tine, ngakhale linali sewero lake loyamba, anayesetsa kuposa mnzake.

Nthawi yomweyo n'kuti admin akusonkhetsa ndalama, K3,000 aliyense, akuti atumize kwa anzathu a ku Thailand omwe amaika zithunzi pa zikwangwani pa tsiku lobadwa la Bright mu Disembala. Ine ndinali nditapereka kale. Ndinangofunsa kuti kodi ndalamazo zidutsa njira yanji kuti zikafike ku Bangkok, ndipo tidzaona chiyani chosonyeza kuti zafika. Basi. Zinthu ziwirizo, mawu aja ndi funso limenelo.

Lamlungu lotsatira, titachoka kutchalitchi, ndinali kuseri kwa nyumba ndikusadzula nkhwani. Ndinkakhala kwa azakhali nthawi imeneyo. Ndinangomva akundiitana ndi dzina langa lonse, lija amandiitana nalo pakakhala mlandu. Ndinalowa manja ali obiriwira, osasamba n'komwe. Pabalaza panali azakhali, amuna awo, ndi msuweni wanga wamkazi amene tinkagona chipinda chimodzi, ataweramitsa mutu. TV inali itazimitsidwa. Patebulo panali foni ya msuweniyo, galasi lake losweka pakona, ndipo chithunzi chija chili pomwepo, anyamata awiri m'madzi, pamwamba dzina langa ndi nambala yanga. Mawu anga anawadula. Anasiya oti "chikondi chikuoneka" okha, za sewero, za Bright, za Win, zonse anachotsa. Azakhali anakankhira foniyo kwa ine ndi chala chimodzi, osafuna n'kuigwira komwe, n'kundifunsa kuti "Kodi m'nyumba mwanga muno ndikusunga munthu wa zimenezi?" Ndinazizidwa nkhongono. Ndinayamba kufotokoza kuti ndi sewero la pa TV, la ku Thailand, koma mawu ankatuluka osalongosoka, ndipo ndikamalankhula m'pamene ankaona ngati ndikubisa zambiri. Amuna awo sanayankhule kanthu, anangotambasula dzanja kuti ndiwapatse foni yanga. Anaimbira amayi kumudzi ine ndili pomwepo, pa loudspeaker, ndinawamva amayi akufunsa kuti "wachita chiyani mwanayo" mawu akunjenjemera. Usiku umenewo msuweni wanga anakoka matiresi ake kukagona pabalaza. Nkhwani ija inafotera m'beseni, palibe anaiphika.

Mukudziwa mmene nkhanizi zilili kwathu kuno, malamulo ake ndi pakamwa pa anthu. Admin uja ankadziwanso bwino lomwe. Anaphunzira sukulu imodzi ndi msuweni wangayo, anafufuza dala nambala yake n'kumutumizira chithunzicho. Munthu woti foni yake inali yodzaza ndi zithunzi za Mew ndi Gulf za mu sewero la TharnType, zoposa changa chija kutalitali, munthu woti tsiku lililonse ankalemba kuti chikondi sichisankha, ndi amene anatenga chinthu chomwecho n'kuchisandutsa mpeni wondibaya nacho kwa abale anga. Chifukwa choti ndanena kuti mnyamata wa ku Bangkok amene sadziwa n'komwe kuti iye aliko sanachite bwino sewero! Nditabwezeredwa foni ndinapeza anandichotsa kale m'gulu, ndipo mwa onse aja tinkatchulana kuti sisi panalibe anandifunsako kuti uli bwanji. Za ndalama zija mpaka lero sindinaonepo chikwangwani kapena lisiti. Mpaka pano azakhali tikakumana pamaliro amandipatsa moni ndi nsonga za zala. Sindinamukhululukire mtsikana ameneyo, ndisaname.

Ndipo zomwe ndinanena sindinazibweze. Vuto la masewero ambiriwa aliyense akuliona, kungoti anthu amaopa. Kampani imasankha anyamata chifukwa cha maonekedwe, n'kuwaphatikiza awiriawiri, ndipo awiriwo akagwira mitima ya anthu amawabwereza sewero ndi sewero, nkhani iwayenere kapena isawayenere. Ndalama zenizeni zili kumisonkhano yokumana ndi owatsatira, kumalonda, kumakonsati. N'chifukwa chake pakati pa mkangano woopsa munthu amatsegula botolo la chakumwa cha Oishi n'kulitembenuzira ku kamera pochitsatsa malonda. N'chifukwa chake amathira tiphokoso toseketsa paliponse, kuti tikuuze poyenera kuseka pomwe wosewerayo walephera kukuseketsa. Nkhani zambiri n'zochokera m'mabuku a pa intaneti, ndipo chiyambire SOTUS mu 2016, ya Krist ndi Singto, taonera nkhani za ophunzira engineering ku yunivesite mpaka kutopa. Ndiye wotsatira akakonda awiriwo, amaleka kuona sewero, amangoona anthu ake. Ukanena kuti gawo ili silinayende, kwa iye watukwana m'bale wake.

Koma musamvere aja amati onse ndi choncho. Onerani Bad Buddy, ya 2021, gawo la 5 padenga paja. Pat ndi Pran atapsompsonana, Ohm Pawat, wosewera Pat, akumwetulira ngati dziko lonse ndi lake, Nanon, wosewera Pran, nkhope ikusweka pang'onopang'ono chifukwa Pran wakumbukira kuti makolo awo ndi adani, kenako akuchoka akulira. Anthu awiri, chinthu chimodzi, nkhope ziwiri zosiyana, popanda wokufotokozera. Nanon anayamba zisudzo ali mwana ndipo zimaoneka. Gun Atthaphan nayenso anayamba ali mwana, mu Not Me akusewera mapasa Black ndi White, ndipo umadziwa kuti walowa ndi uti pongoona kayendedwe asanatsegule pakamwa. KinnPorsche ya 2022 anthu amaitamira ndalama zomwe anathiramo ndi ndewu zake, ine nkhani yake ina inandisokoneza, koma Apo, wosewera Porsche, anali atadutsa kale m'masewero a TV ya Channel 3 ya ku Thailand ndipo ndi amene ananyamula zambiri. Moonlight Chicken, ya ku Pattaya, ya Aof Noppharnach yemwe anatsogoleranso Bad Buddy, Gemini akusewera Heart, mnyamata wosamva, akulankhula makamaka ndi manja ndi maso. Wotsogolera akakhala wodziwa ntchito, ngakhale ana ongoyamba kumene amasintha.

Ndiye achemwali ine ndikuti lembani. Musaope munthu, ndi maganizo anu ndipo bandulo munagula nokha. Tikamangokhala chete ndiye kuti otukwanawo ndi amene azilamulira magulu onse. Kungoti musatchule dzina la wosewera, nenani za gawo ndi malo ake, kuti apa Sarawat amayenera kuoneka wosweka mtima koma sizinatuluke. Musayerekeze ndi sewero lina, pamenepo m'pamene amapsa mtima kwambiri. Chithunzi musaike. Onaninso kaye amene ali m'gulumo, ngati muli wina wodziwa kwanu kapena kutchalitchi kwanu gwiritsani ntchito akaunti ina yopanda dzina lanu lenileni. Ndipo wina akayamba zosonkhetsa ndalama za tsiku lobadwa, musapereke olo K100, funsani lisiti pagulu pomwepo onse akuona.

Mukalemba mundiuze, ndilowa ndidzakuthandizeni kuwayankha.