Zoona ndi zabodza m'mafilimu a makompyuta

Achimwene, mwafunsa ngati zomwe mwana wanu amaonera m'mafilimu zimachitikadi, zoti munthu angogogoda kompyuta mphindi imodzi basi wathyola banki. Ayi ndithu. Wolemba mapulogalamu amatha tsiku lonse akusaka kachizindikiro kamodzi komwe kalakwika, maso ali psuu.

Koma chonde musamugwetse mphwayi mwanayo. Muonetseni filimu ya Hidden Figures ya 2016. Muli Katherine Johnson, mayi wachikuda wa ku NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a m'mlengalenga, amene woyendetsa chombo John Glenn anapempha kuti atsimikize mawerengero a kompyuta Glenn yo asanapite m'mlengalenga mu 1962, komanso Dorothy Vaughan amene anadziphunzitsa yekha Fortran, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Amayi amenewa analikodi, ntchito anagwiradi. Ngati mwanayo akufuna kudzalowa Chanco kuno ku Chirunga, alimbikire masamu a MSCE kuyambira panopa.